Lendi ikutha pa 30 Juni, madigiri tilandira mu Ogasiti: katunduyu ndimuike kuti?

Namzeze_4
Anzanga ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Mayeso omaliza ndikulemba pa 21 Juni, pepa la kafukufuku ndipereka pa 26, ndipo lendi ya chipinda chomwe ndikukhala ikutha pa 30. Mwambo wolandira madigiri akuti udzakhala pakati pa Ogasiti. Ntchito yomwe andilonjeza, yongoyeserera kwa miyezi 6, ikuyamba pa 1 Seputembala mumzinda wina kutali ndi kuno. Pakatipa ine ndi anzanga atatu tinapangana kalekale kuti tikangomaliza tidzatuluke kunja kwa dziko kwa sabata imodzi, tikapumitse mitu, poti zaka zinayi zonsezi phazi lathu limangodziwa njira ya ku kalasi ndi ya ku laibulale.

Vuto ndi katundu. Ndili ndi matiresi, kafiriji kakang'ono, tebulo lowerengera ndi mpando wake, ziwiya, zovala, ndi makatoni atatu a mabuku ndi manotsi. Kwa makolo anga ndi ulendo wa tsiku lathunthu kulowera mbali ina, kuntchitoko n'kumbali inanso. Ndikatumiza katundu kwa makolo ndiye kuti ndidzalipira galimoto kawiri. Ndikalipira lendi miyezi iwiri chipinda chili chokiya, ndiye kuti ulendo uja wafa. Inu munatani? Komanso dipoziti ija eni nyumba amabwezadi, kapena ndingoiiwala?

Chitsulo
Gulitsani zonse achemwali. Nkhani yatha.

Kalulu04
Kkkkk a Chitsulo inu, munthu walemba ndime ziwiri zathunthu, inu mukuyankha ngati akukulipiritsani pa liwu lililonse.

Chitsulo
Ndinadutsamo n'chifukwa chake. Tebulo langa ndinalikakamira, ndalama ya galimoto inaposa mtengo wa tebulolo, pofika mwendo umodzi unali utathyoka. Mpaka lero limaima motsamira khoma.

Gogo_wa_Labu
Mwananga Namzeze, za makatoni zisiyeni kaye, tengani pepala mulembe masiku. Ine ndagwira ntchito mu labu ya pa koleji zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse pakhomo langa pamaima ana akulira pa chifukwa chimodzimodzi. Mwatchula masiku omwe akukuwawani. Alipo ena atatu omwe simunatchule, ndipo ndi amene amagwetsa anthu.

Zotsatira za mayeso zituluka liti? Nanga phunziro limodzi likakukanani, mayeso obwereza aja mumati sapu amalembedwa liti? Sindikukulodzani ayi, koma ndaonapo ana anzeru zedi akuperewera malikisi awiri pa phunziro lomwe ankaliderera. Ndipo tsiku lomaliza losayinitsa fomu yosonyeza kuti mulibe ngongole ndi sukulu ndi liti? Fomu imeneyo imayenda maofesi ambiri, ku laibulale, ku akawunti, ku hositelo ngati munagonako chaka choyamba, ku dipatimenti, kwa ife ku labu. Paliponse pamafunika siginecha ndi chidindo. Wosayina mmodzi akangopita ku tchuthi, mudzakhala pa benchi mpaka adzabwere. Fomuyo ikapanda kukwana, gauni mukhoza kuvala ndithu, zithunzi n'kujambulitsa, koma setifiketi n'kutsala mu kabati mwa eni ake.

Pepa la kafukufukunso silithera pa tsiku lopereka. Oyesa amalibweza kuti mukonze apa ndi apo, ndipo nthawi yomwe amapereka imakhala yochepa. Likadzabwera mudzakhala muli kuti, laputopu ili m'katoni iti? Tikiti yomwe sabweza ndalama musaigule musanadziwe masiku amenewa.

Namzeze_4
Agogo mwandizizilitsa nkhongono. Zotsatira akuti kumapeto kwa Julaye. Za sapu sindinafune n'kuziganizira komwe. Ndipo mwandikumbutsa, ndili ndi buku la ku laibulale lomwe ndinabwereka mu Malichi, sindikudziwa kuti lili pansi pa chiyani.

Fisi_wa_Laibulale
Lisakeni lero lomwe bukulo, chindapusa chimakula tsiku ndi tsiku ngati dzungu la pachulu. Likasoweratu, malaibulale ambiri amakulipiritsani mtengo wa latsopano.

Tsono za makatoni atatuwo. Anthu amaderera kulemera kwa pepala. Pepala limodzi la A4 lomwe timapulintira lija limalemera magalamu 5, ndiye mpukutu wa mapepala 500 ndi makilogalamu awiri ndi theka. Manotsi ndi mafotokope a zaka zinayi akhoza kukhala mipukutu isanu ndi itatu kapena khumi, kutanthauza makilogalamu 20 mpaka 25, osawerengera mabuku. Dzifunseni moona mtima, manotsi a chaka choyamba munawatsegula liti komaliza? Ine ndinasunga anga zaka zisanu ndi chimodzi, ndinasamuka nawo katatu, tsiku lomwe ndinatsegula katoniyo ndinapeza makoswe atamangamo mudzi, ana asanu ofiira ali gone pa mutu wa Thermodynamics. Jambulani ndi foni masamba omwe mukuona kuti mudzawafuna kuntchito, enawo patsani a chaka chachitatu, adzakudalitsani. Mabuku omwe mukusunga muwaike m'timakatoni ting'onoting'ono. Katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka pansi muli pakati pa masitepe.

Kalulu04
Makoswe ophunzira Thermodynamics kkkk amenewo ndiye anamaliza digiri musanamalize inu.

Tambala_Wakuda
Za dipoziti ndiyankhe ine, chilonda changa sichinapole. Ndinakhala m'chipinda zaka ziwiri osaphonya lendi ngakhale mwezi umodzi. Tsiku lotuluka ndinasesa, kukolopa, kupukuta mawindo, makiyi n'kusiyira mnyamata wa pageti chifukwa eni nyumba kunalibe. Patatha sabata ndikuimba foni, akuti khoma lili ndi mabowo a misomali, chitseko cha kubafa chatupa, galasi la pawindo lang'aluka. Galasilo ndinalipeza lili long'aluka tsiku lomwe ndinalowa, ndinkachita kumatapo selotepi kukazizira. Koma umboni ndinalibe. Anandibwezera yosakwana ndi kotala yomwe.

Ndiye achemwali, pezani pepala la mgwirizano lomwe munasayina polowa, muone kuti amafuna muwadziwitse nthawi yaitali bwanji musanatuluke. Nthawi zambiri ndi mwezi wathunthu. Ngati mukutuluka pa 30 Juni, uthenga upite Meyi asanathe, ndipo ukhale wolemba, ngakhale wa pa WhatsApp, osati kungowauza mutakumana pa mpopi. Tsiku lotuluka musapereke makiyi kwa wina aliyense kupatula mwini wake. Muyende naye chipinda chonse foni ikujambula kanema, khoma, denga, masoketi, mpopi, loko, ndi manambala a pa mita ya magetsi ndi ya madzi. Zomwe mwagwirizana kuti adule pa dipoziti zilembedwe pomwepo, nonse musayine. Mukangokwera galimoto osatero, mwataya.

MaiAwiri
Komatu tisamangonyoza eni nyumba ngati onse ndi akuba. Ine ndili ndi zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yanga zomwe ndimachititsa lendi ana a sukulu. Chaka chatha wina anatuluka usiku ngati mfiti, kusiya bilu ya madzi ya miyezi itatu, sinki yotsekeka, makiyi n'kupita nawo. Ndinasintha loko, ndinaitana pulambala, dipoziti yake sinakwane n'komwe. Ndiye mukamva kuti eni nyumba akana kubweza, muzifunsanso kuti mwanayo anasiya zotani.

Koma a Tambala akunena zoona pa mfundo imodzi. Penti kufwifwa chifukwa cha zaka, kapena chogwirira cha chitseko kukhwepa, si mlandu wa wochita lendi. Zimenezo ndi za ine mwini nyumba.

Tsono mwananga, bwanji osangowafunsa eni nyumba anuwo? Chipinda cha ana a sukulu nthawi ya tchuthi chimangokhala chopanda munthu mpaka sukulu itsegulire. Ine mwana amene wakhala nane bwino akandipempha kuti ndimusungire makatoni m'sitolo kwa milungu isanu ndi umodzi, sindingakane. Ndipo amene akudzalowa m'chipindamo akufunanso tebulo ndi mpando. Mukhoza kugulitsa katundu osamusuntha ndi phazi limodzi lomwe. Safunsa anadya phula.

Tambala_Wakuda
Mayi, mukanakhala eni nyumba anga bwenzi pano ndili wonenepa.

Namzeze_4
Mayi zikomo, zimenezo sindinaziganize. Eni nyumba athu ndi bambo osalankhulalankhula, ndimawaopa, koma sitinayambanepo. Ndiyesa mawa. Mnzanga wina wa chaka chachitatu anandiuzanso kuti ndikhoza kusiya katundu kwa iye.

Kamba
Kwa mnzanuko ndiye ayi. Ndikuuzeni zanga. Ndinasiya matiresi, ketulo, ayironi ndi chikwama cha zovala kwa mnzanga wapamtima, ndinati ndidzatenga pakatha mwezi. Mwezi unasanduka miyezi inayi, poti ntchito ikayamba simupeza tsiku. Pomwe ndimapita, mnzangayo anali atasamuka, katundu wanga anamusiya kwa msuweni wake yemwe sindimamudziwa n'komwe. Matiresi anali atawaimika kukhoma la kubafa, mbali imodzi yonse yakuda bii ndi chuku, fungo lake losaneneka. Ketulo akuti inapsa. Ayironi palibe amene ankaidziwa. Jekete yanga ndinakumana nayo pamsewu itavalidwa ndi munthu. Chinandiwawa kwambiri si katunduyo, koma kuti ubwenzi unathera pomwepo, chifukwa ndinalankhula mawu oipa, iyenso anandibwezera.

Ngati musiye kwa munthu, lembani mndandanda wa zomwe mwasiya, mujambule, makatoni mumate ndi tepi n'kulembapo dzina lanu, ndipo munene tsiku lenileni lodzatenga. Matiresi akulungidwe mu pulasitiki atauma bwinobwino, ndipo asagone pa simenti.

Nyenyezi_22
A Kamba, si anzathu onse ali choncho. Ine ndinasungira mnzanga katundu chaka chathunthu, anadzapeza ngakhale supuni zili zokwana.

Kamba
Inu ndinu mmodzi mwa khumi achemwali. Ndipatseni nambala yanu ndidzakusungitseni ulendo wina.

Dzungu
Ine ndimakonza mafiriji, ndiye ndinenepo za kafirijiko. Ngati mukugulitsa, gulitsani pano ana asanabalalike. Sabata yomaliza aliyense amakhala akugulitsa, ogula palibe, mumangopereka pa mtengo wa misozi. Lengezani lero, wogula apereke kachikole, adzatenge pa 28 kapena 29.

Ngati mukusunga, muzimitse tsiku lathunthu musanasamutse kuti ayezi asungunuke, mupukute mpaka muume, ndipo poisunga chitseko chikhale chotsekula pang'ono, mupinge ndi kansalu. Firiji yozimitsa yotsekedwa ndi chinyezi mkati, pakatha milungu iwiri simungaiyandikire. Ponyamula iime chilili. Ikagonekedwa mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi a gasi, ndiye mukafika n'kuilumikiza kumagetsi nthawi yomweyo mukhoza kuipha. Ikafika isiyeni iime maola angapo, ngati inagonekedwa isiyeni mpaka mawa lake. Ambiri omwe amandibweretsera mafiriji akuti angosiya okha kuzizira, ndikafunsa ndimapeza kuti asamuka sabata yomweyo.

Chitsulo
Mwaona? Gulitsani.

Bambo_Ndondomeko
Ine ndikhala woipa pa gulu pano, koma wina ayenera kunena. Nonse mukukamba za makatoni, nkhani yaikulu mwaisiya. Ulendowo ndalama yake ilipodi?

Mwananga, ntchito ikuyamba pa 1 Seputembala, malipiro oyamba mudzawaona kumapeto kwa Seputembala, ndipo m'malo ambiri wantchito watsopano mwezi woyamba amachedwa kulowa m'mabuku a malipiro. Musanalandire kalikonse mufunika dipoziti ya nyumba yatsopano, lendi ya mwezi woyamba, mwina eni akewo adzafuna ya miyezi iwiri kapena itatu pamodzi, galimoto yosamutsira, yoyendera kupita kuntchito masiku 30, chakudya, ndi zovala zooneka ngati za munthu wa pantchito. Onjezani ulendo wobwerera kusukulu ku mwambo, kubwereka gauni, ndi malo ogona inu ndi abale. Dipoziti ya chipinda chakalechi musaiwerengere, imabwera mochedwa ngati ibwere n'komwe. Lembani zonsezi, chotsalacho ndiye cha ulendo. Ngati palibe chotsala, ulendo palibe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nyenyezi_22
Bambo, masamu anu ndi oona koma moyo si masamu okha. Ife tinali asanu, tinati tiyambe tagwira ntchito kenako tidzayende. Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Wina ali kunja, wina ali ndi ana atatu, wina sitilankhulana, ndipo mmodzi anatisiya. Sitinakhalenso pamodzi tonse asanu chichokereni pa tsiku la gauni. Ndalama ndinadzazipeza, anthu aja sindinawapezenso. Milungu imeneyi pakati pa mayeso ndi ntchito sidzabweranso, tchuthi cha kuntchito ndi masiku owerengeka ndipo sichigwirizana ndi cha anzanu. Apite, ngakhale masiku atatu.

Bambo_Ndondomeko
Pepani za mnzanuyo. Sindikuti asapite. Ndikuti asapite ndi ndalama ya lendi ya Seputembala.

Kalulu04
Ndiponso maulendo a pagulu timawadziwa. Pokonza mumakhala anayi, potsegula gulu la WhatsApp mumafika asanu ndi atatu, tsiku lopereka ndalama mumatsala awiri, winayo akuti amalume adwala.

Namzeze_4
Kkkk a Kalulu mwalowa m'gulu lathu liti? Mmodzi wayamba kale kuyankha ndi zithunzi zokhazokha tikatchula ndalama.

Mlendo_Wausiku
Poti ndi ulendo wa kunja, funso loyamba si tikiti. Tsegulani pasipoti yanu pompano muone tsiku lomwe ikutha. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 yotsala, ndipo a ndege amakubwezani pa kauntala pomwepo, simufika n'komwe kwa a zolowa ndi kutuluka. Mayiko a Schengen ku Europe amafuna miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe mukutulukako, komanso pasipotiyo isapitirire zaka 10 chiiperekereni. Afunseninso anzanuwo, mudzadabwa.

Kenako viza, ngati dzikolo limafuna. Wophunzira yemwe wangomaliza kumene amavutika pamenepa, chifukwa sali pasukulu, sali pantchito, alibe nyumba. Ofesi ya viza imafuna kuona chomwe chidzakubwezeni kwanu. Kalata ya ntchito ya Seputembala ija ndi chida chanu, ndipo kalata yochokera kusukulu muitenge pano mudakali m'kaundula wawo. Mayiko ena amafunanso khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, makamaka ngati mukuchokera kapena kudutsira kudera komwe matendawa amapezeka. Khadiyo imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye si ya kukabayitsa dzulo lake. Ubwino wake, kuyambira mu 2016 bungwe la WHO linati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse.

Ngati ndi pandege, makampani ambiri amalola chikwama cha makilogalamu 23 chopita pansi ndi kachikwama ka m'manja ka makilogalamu 7 kapena 8, koma matikiti otchipitsitsa aja nthawi zina alibe chikwama cha pansi, mumalipira padera. Werengani musanadine. Zamadzimadzi za m'manja, botolo lisapose mamililita 100 m'mabwalo ambiri a ndege. Power bank imayenda nanu m'manja, siloledwa m'chikwama cha pansi, ndipo malire ake osapempha chilolezo ndi 100 Wh. Ya 20,000 mAh ija ili cha pa 74, ndiye ilibe vuto. Chinanso, musagule matikiti awiri osiyana kuti mupulumutse kandalama. Ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, palibe amene adzakumvereni chisoni, mudzagula ina.

Namzeze_4
Mayo ine. Ndatsegula. Ikutha pa 9 Novembala chaka chino.

Mlendo_Wausiku
Ndiye mukanyamuka mu Julaye mwatsala ndi miyezi inayi yokha. Fufuzani lamulo la dziko lomwe mukupitalo, koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba zokonzetsa ina sabata ino. Mudzaifunabe kutsogoloku.

Namzeze_4
Ndafunsa pa gulu lathu. Mmodzi alibiretu pasipoti, amati adzapanga tikamaliza mayeso.

Kalulu04
Ndinanena ine. Mwatsala awiri.

Mwana_wa_Chinayi
Pepani ndipatuke pang'ono. Mwambo wa madigiriwo ndi wofunikadi kupitako? Ine ndikumalizanso chaka chino ndipo ndikuganiza zongowauza kuti setifiketi ndidzatenga ku ofesi. Kukhala maola anayi pa mpando mutavala chinsalu chotentha, kuti dzina lanu litchulidwe masekondi asanu, mwinanso molakwika. Ndalama ya ulendo ndi gauni bwanji osaika pa dipoziti ya nyumba?

MaiAwiri
Iwe mwana iwe, tsikulo si lako. Ndi la amene ankagona ndi njala kuti fizi ikwane. Mwana wanga woyamba atatchulidwa dzina ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira, nsapato imodzi inavuka, ndinaipeza mizere iwiri kutsogolo. Ukawamane zimenezo amayi ako chifukwa cha kutentha kwa gauni?

Mwana_wa_Chinayi
Mayi, fizi yanga ndalipira ndekha ndi ngongole komanso maganyu. Si tonse tili ndi wotiimirira.

MaiAwiri
Pepa mwananga, ndalankhula mothamanga. Koma ukatero ndiye upite ndithu, udziimirire wekha.

Tambala_Wakuda
Vuto lina la mwambowo ndi makadi a alendo. Amakupatsani awiri, abale omwe akonzeka kubwera ndi khumi ndi anayi. Ine azakhali anga mpaka lero sandiyankha moni.

Chitsulo
Gulitsani makadiwo.

Mlonda_wa_Gulu
A Chitsulo, chenjezo loyamba kkkk. Anzanga, za mwambo tsegulani mutu wake pawokha. Pano tithandize a Namzeze za katundu ndi ulendo.

Kachipangizo
Pali katundu wina yemwe simunamutchule chifukwa salowa m'katoni. Imelo ya sukulu. Makoleji ambiri amaitseka kapena kuichepetsa mukamaliza, ena pakangotha miyezi yochepa, ndipo zonse zomwe zili pa Google Drive kapena OneDrive ya akawunti imeneyo zimapita nayo. Ine pepa langa la kafukufuku, deta yonse ndi zithunzi za zaka zinayi zinali mmenemo. Ndinadzazifuna patatha chaka pofunsira maphunziro ena, pasiwedi ikukana, ofesi ya makompyuta akuti akawuntiyo inafufutidwa. Ndinachita kupempha asupavaiza kuti anditumizire pepa langa lomwe, manyazi ake.

Koperani zonse pano. Ngati ndi ya Google, pali Google Takeout yomwe imakulolani kutsitsa zonse pamodzi, pokhapokha ngati sukulu inaitseka. Muike malo awiri, pa laputopu ndi pa akawunti yanuyanu. Paliponse pomwe munalembetsa ndi imelo ya sukulu, kubanki, pofunsira ntchito, pa LinkedIn, sinthani muike yanu. A kuntchito kwanuko akulemberani pa imelo iti? Ndipo mukapita kunja n'kuchotsa simu khadi yanu, kumbukirani kuti timanambala totsimikizira ta kubanki timabwera pa nambala imeneyo.

Gogo_wa_Labu
Ndionjezere pa za a Kachipangizo. Mapepala enieni, setifiketi ya kusekondale, chiphaso, pasipoti, kalata ya ntchito, malisiti a fizi, asalowe m'katoni iliyonse. Akhale mu fayilo imodzi ya pulasitiki, m'chikwama chomwe chili pamsana panu. Transcript, chikalata chija cha malikisi anu onse, muipemphe musanachoke, makope awiri kapena atatu odindidwa, chifukwa kuitanitsa muli kutali ndi ntchito ya miyezi. Amene akuganiza zodzaphunzira kapena kugwira ntchito kunja adziwenso kuti mayiko ambiri amafuna chidindo chotchedwa apostille, cha pangano la ku Hague la 1961, kapena kutsimikizira kwa ofesi ya kazembe. Ndipo pitani mukatsanzike aphunzitsi awiri omwe amakudziwani nkhope, muwapemphe kuti adzakulembereni kalata yokuchitirani umboni. Pakatha zaka ziwiri adzakhala ataphunzitsa ana ena mazanamazana, dzina lanu lidzangokhala ngati analimvapo penapake.

Kamba
Funso kwa a Namzeze, nyumba ya kuntchitoko mwaipeza? Chifukwa mukhoza kukonza zonse za kuno n'kukafika uko ndi matiresi pamutu opanda khomo lolowa.

Namzeze_4
Sindinaipeze. Ndaona zithunzi pa Facebook, wina akuti nditumize dipoziti kuti andisungire chifukwa ofuna ndi ambiri.

Tambala_Wakuda
MUSATUMIZE.

Mlendo_Wausiku
Musatumize ndithu. Mawu akuti ofuna ndi ambiri ndiye nyambo yakeyo. Zithunzi amakopera kwina, nyumbayo mwina kulibe, mwina ilipo koma mwini wake sakudziwa kuti ikutsatsidwa. Ndalama imaperekedwa mutaima m'chipindamo, mwatsegula mpopi, mwayatsa getsi, mwaona kuti kiyi akutsegula loko. Ngati simungapite, funsani a kuntchitoko ngati pali wina angakaone, kapena mukafikire malo ogona alendo sabata yoyamba mukusaka. N'chifukwa chake katundu wambiri ndi goli. Munthu wa zikwama ziwiri amagona paliponse, wa firiji ndi tebulo amavomera nyumba yoipa chifukwa lole ikudikira panja.

Fisi_wa_Laibulale
Ndipo pokaona chipinda, suzumirani m'ming'alu ya khoma ndi m'mphepete mwa bedi ngati lilimo. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi. Zimatha kukhala miyezi osaluma munthu, chipinda chopanda munthu sichitanthauza kuti zafa.

Bambo_Ndondomeko
Apa ndiye pali nzeru. Bwanji masiku awiri a ulendo wanuwo osawagwiritsa ntchito kukasaka nyumba? Mapanga awiri avumbwitsa, koma apa mukhoza kuphatikiza.

Nyenyezi_22
Bambo inu mpaka tchuthi cha mwana mwachisandutsa ntchito kkkk.

Namzeze_4
Ndabwera ndi lipoti, papita masiku anayi. Ndinalimba mtima n'kukagogoda kwa eni nyumba. Bambo aja ndimawaopa aja anaseka, akuti amadabwa kuti ndifunsa liti. Avomera kundisungira makatoni awiri ndi matiresi m'kachipinda kawo kosungiramo zinthu mpaka tsiku la mwambo, ndipo tinalemba pa pepala, a Kamba musadandaule, ndajambulanso. Uthenga wotuluka ndawatumizira pa WhatsApp ngakhale tinali titakhala pamodzi, anandiyang'ana modabwa koma anayankha kuti alandira. Mtsikana yemwe akudzalowa m'chipindamu wagula tebulo ndi mpando, zikhala momwemo. Firiji yapeza wogula, wapereka theka, adzatenga pa 28.

Buku la ku laibulale ndinalipeza kuseri kwa firiji yomweyo, lili ndi fumbi ngati lafukulidwa. Ndalipira chindapusa, siginecha yoyamba yalowa pa fomu. Sapu akuti imalembedwa sabata yoyamba ya Ogasiti.

Ulendo wa kunja tauimika. Wopanda pasipoti uja sangaipeze pa nthawi yake, yanganso ndiyoperewera, ndipo nditalemba masamu a Bambo Ndondomeko ndinakhala chete kwa kanthawi. Tagwirizana kuti tipite malo ena m'dziko momwe muno, masiku anayi, pa basi, kuyambira pa 2 Julaye, zotsatira zisanatuluke kuti tikasangalale tisakudziwa kanthu. Tatsala atatu. Ndikachoka kumeneko ndidzadutsira kumzinda wa ntchito kukaona zipinda ndi maso anga, kenako kwa makolo. Wa pa Facebook uja nditamuuza kuti ndibwera ndidzaone kaye, wandibuloka.

Gogo_wa_Labu
Mwachita bwino mwananga. Laputopu ndi chaja muyende nazo, oyesa sadziwa kuti muli pa tchuthi.

Chitsulo
Tebulo mwagulitsa, mpando mwagulitsa, firiji mwagulitsa. Ine ndinati chiyani poyamba paja?

Kalulu04
Matiresi sanagulitse, mwaluza.

Mwana_wa_Chinayi
Achemwali, ketulo ndi mahang'ala muli nazo? Ine ndikutsala kuno mpaka Okutobala, yanga inapsa dzulo.

Namzeze_4
Mahang'ala bwerani mudzatenge ulere, alipo 17. Ketulo ndiye ayi, ndimwera tiyi mpaka m'mawa wa pa 30.